Phulusa la ku Milonde

Ana anga, mutu uno ndaulemba chifukwa cha iwe Tiyamike. Tsiku lija unkakonza m'kabati mwanga unapeza botolo la phulusa kuseri kwa mbale za alendo, ndipo ukanalitaya ndikanapanda kukuwa. Unandiyang'ana ngati wagwira mayi ako atayamba zamankhwala kuukalamba. Si mankhwala ayi. Ndi phulusa la udzu wamba lochokera ku Milonde, ndipo kupatula penshoni, ndi chinthu chokhacho chimene ndinatuluka nacho m'boma. Za ubwana wanga ku Dedza ndidumpha, munazimva mpaka kutopa nazo.

Zaka zoyamba, ku Chonde

Ntchito ndinayambira ku Chonde ngati mlangizi wa chitukuko cha m'midzi. Ndinafika ndi njinga yakapalasa, kope limodzi ndi mtima wokhulupirira aliyense. Njingayo inakhalitsa, koma mtima uja sunathe zaka ziwiri. Ndinaphunzira msanga kuti mukalengeza lero kuti kwabwera thandizo la magulu oweta nkhuku, mawa magulu amera ngati bowa, lililonse lili ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Mukapita kukaona nkhukuzo mupeza ndi zomwe zija munaziona dzulo m'mudzi wina. Tambala wina wa diso limodzi ndinakumana naye m'midzi itatu, moti kachitatuko ndinamupatsa moni. Chachiwiri chimene ndinaphunzira ndi cha maliro. Gulu lililonse limene ndinalidzidzimutsa osalichenjeza linali ndi yankho limodzi, loti anzathu enawo apita kumaliro. Ndikanati ndiwerenge maliro onse amene ndinauzidwa ku Chonde, bwenzi kulibe munthu wamoyo kuyambira pamsika mpaka kumalire a Thyolo. Sindikunena kuti anthu ndi oipa, umphawi umaphunzitsa munthu kuchenjera. Koma ine ndinachoka ku Chonde ndili munthu wonunkhiza chilichonse ndisanachikhudze, ndipo ndinkanyadira zimenezo.

Chaka chimene ndinasamukira pa Boma

Pa Boma anandipatsa tebulo la zaluso ndi chikhalidwe chifukwa panalibe wina wolifuna. Kumeneko kunalibe maalawansi. Mapepala ndinkapempha kwa anzanga a zaulimi, ndipo njinga yamoto ya ofesi inkamwa mafuta kamodzi pamwezi ngati mwana wa kusikelo. Ntchito yanga yeniyeni inali kufunafuna ovina kukamabwera akuluakulu. Anthu ankavina padzuwa kuyambira m'mawa, bwana akafika masana n'kuwaonera mphindi zisanu, kenako ovinawo n'kulandira banzi ndi botolo la chakumwa. Ndinagwira pansi pa mabwana atatu. Wotsiriza anali a Likoswe, munthu wosekaseka, waulemu, wodziwa dzina la mwana wa aliyense mu ofesi. Ine munthu woseka kwambiri sindimukhulupirira, ndiye kuyambira tsiku loyamba ndinkawayang'ana cham'mbali.

M'zaka zimenezo ndinadziwana ndi a Mukhala a ku Milonde, mkulu wa gule wa tchopa komanso wosema ng'oma. Anabadwira kutsidya kwa malire, n'kubwera kuno nthawi ya nkhondo ali mnyamata. Gulu lawo linkavina pafupi ndi msika, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaona ndi maso anga kuti ng'oma imadyetsa anthu. Ikangolira, akabaza ankayamba kutsitsa anthu ochokera mbali zonse, ena mpaka a kutsidya. Amayi a zinanazi, a chinangwa chophika ndi a nyemba za kalongonda ankabwerera kwawo madengu ali pululu. Wopha mbuzi ankadziwa kuti chikopa chili ndi mwini wake kale, telala ankasoka zovala za ovina. Mwana wawo wamkazi wa a Mukhala, Esinati, ankagulitsa zitumbuwa pomwepo, ndipo ana ake ankapita kusukulu ndi zitumbuwazo. Tsiku lina ndinaona a Mukhala akuyatsa kamoto ka udzu pambali pa bwalo, akuyandikizako ng'oma, akuimenya pang'ono, akuiyandikizanso. Ndinafunsa chimene ankachita.

“Ikuwotha moto, mayi,” anatero. “Kuno kuphiri kuli chinyezi, chikopa chimafooka. Mukaimenya isanawothe imalira ngati katoni yonyowa. Koma moto wake ukhale wa udzu, woyaka n'kuzima. Wa nkhuni umapsereza.”

Ndinalemba zimenezi m'kope, osadziwa kuti ndikulemba mpeni umene ndidzawabaye nawo.

Chaka cha thumba la zaluso

Nditatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume, kunabwera kalata yochokera kulikulu. Boma linapatula ndalama zothandizira magulu a zaluso, ati chifukwa gule ndi zosema zimakopa alendo ndi kuyendetsa malonda m'midzi. Ndinawerenga kawiri kufunafuna pamene pabisala msampha, chifukwa aka kanali koyamba kuona likulu likunena chinthu chimene ndinkachidziwa kuti n'choona. Dera lililonse linayenera kusankha gulu limodzi. Gululo likanalandira thandizo zaka zitatu, la zida, zovala ndi mayendedwe, ndipo dzina lake likanaperekedwa kumalo ogona alendo a m'tsinde mwa phiri kuti azilitenga kukavinira alendo. Kwa a Mukhala imeneyi inali nkhani ya moyo wa gulu lawo. Ovina awo anali atayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena kukathyola tiyi, ena kukachita ganyu kutsidya. Anandiuzapo kale kuti, “Awa atsalawa akapita, tchopa pano watha. Ine ndekha sindingaimbe n'kuvinanso.”

Ku Milonde ndinkadziwako gulu limodzi lokha, la a Mukhala. Mafomu anabwera khumi ndi anayi. Ndipamene ndinakumbukira kamoto ka a Mukhala. Ndinati mumtima, gulu limene limavinadi liyenera kukhala ndi phulusa pambali pa bwalo, pakuti ng'oma ya ku Mulanje silira isanawothe. Yunifomu munthu angathe kubwereka, ng'oma angathe kubwereka, koma ndani angaganize zobwereka phulusa? Ndinayamba kufika m'midzi mwadzidzidzi, n'kunamizira kufunsa kuchimbudzi, n'kuzungulira bwalo maso ali pansi. M'masabata awiri magulu khumi ndi awiri anagwa. Ndinakondwa kwambiri, ndipo chisangalalo n'chimene chinanditsegula pakamwa. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. A Likoswe atandifunsa kuti ndikuwagwira bwanji akuba onsewa, ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

“Mayi, inu mukanakhala wapolisi,” anatero. “Ndiye kwatsala awiri eti? La a Jailosi lija ndi la anyamata ochangamuka, mukaliona. Koma la mdala wanu uja ndamva linatha. Akuti ng'oma anagulitsa kutsidya, fomuyo wangolemba kuti adyepo.”

Sindinawakhulupirire. Koma vuto la munthu wokayikira ndi lakuti chilichonse chimene wamva chimamera. Ndinatuluka mu ofesimo ndikukayikira a Likoswe, a Jailosi, ndi a Mukhala omwe.

Julaye, chaka chomwecho

Ndinapita tsiku la chiperoni, phiri lonse litabisala. Ndinayambira kwa a Jailosi, munthu wa golosale amene ndinali ndisanamvepo kuti amadziwa gule. Anandilandira atavala jekete, ngati munthu amene akudikira mlendo, chonsecho sindinauze aliyense tsiku. Ng'oma zinali zisanu ndi imodzi, zatsopano. Nditapempha kuti aziimbe, anyamata atatu anazigogoda pang'ono, a Jailosi n'kudula msanga. “Akatswiri athu enieni apita kumaliro, madamu.” Ndinaseka chamumtima, ndinati ndakugwira. Ndinafunsa kuchimbudzi, n'kuzungulira bwalo. Ndipo pansi pa mtengo wa mango panali phulusa, mulu wofika m'mawondo. Ndinalitakasa ndi kamtengo. Linali loyera, lolemera, muli timiyala tofiira. China chake chinandigunda mumtima, koma sindinachimvere. Muyeso unali wanga, ndinaupanga ndekha, ndinaunyadira pamaso pa bwana. Phulusa linalipo, ndipo ndinachonga.

Masana ndinafika kwa a Mukhala nditanyowa, ndili ndi njala, mawu a a Likoswe akundilira m'khutu. Bwalo ndinalipeza litamera udzu. Ndinalizungulira kawiri, ndipo sindinavutike n'kunamizira chimbudzi. Panalibe phulusa ngakhale lodzaza chikhatho. A Mukhala anatuluka n'kundiyalira mphasa pakhonde, Esinati n'kukhala chapatali pang'ono. Anali ataonda, koma ine sindinabwere kudzaona nkhope.

“Bambo, ng'oma zili kuti?”

“Zili m'nyumbamo, mayi.”

“Tatulutsani muimbe ndimve.”

“Sizingatheke. Ng'oma zagona.”

“Zagona? Zidzuka liti?”

“Tsiku lake likafika.”

Pafomu yanga panali mabokosi awiri, gulu likugwira ntchito kapena silikugwira. Mu ofesi, gulu limene lasiya ntchito tinkati lagona. Ndiye ndinamva kuti mdalayo wavomera yekha ndi pakamwa pake. Esinati anasendera pafupi n'kunena motsitsa mawu, “Amayi, pepani, kungoti pakhomo pano tinali ndi...”

Ndinamudula. Mawu amene ndinanena ndimawakumbukira onse, ndipo ndiwalemba monga ndinawanenera kuti mudziwe mayi wanu. Ndinati, “Musandiuze za maliro. Gulu lililonse ndikalipeza lili ndi maliro. Kaya anthu a kuno mumafa kangati.”

Esinati anatseka pakamwa ndi nsalu. A Mukhala anati, “Mwanena, mayi. Lembani zimene mwaona.” Ndinalemba, ndipo thandizo linapita kwa a Jailosi.

Okutobala

Mwambo wopereka thandizo unachitikira pamsika wa Milonde. Kunabwera akuluakulu, kunamangidwa tenti, amayi a malonda anadzaza poganiza kuti masiku abwino abwerera. Gulu la a Jailosi linalowa ndi yunifomu yowala. Mmodzi wa iwo anasonkha moto wa nkhuni, waukulu ngati wowotchera mbuzi, n'kuika ng'oma pamwamba pake penipeni. Ndinaimirira pampando ndisanadziwe kuti ndaimirira. Chikopa chinachita phu, kununkha ubweya wopserera mpaka mutenti. Ng'oma zotsalazo anaziimba zosawotha, ndipo zinalira ndendende ngati katoni yonyowa. Akuluakulu anaomba m'manja chifukwa ankafulumira kunkhomaliro. Koma anthu a ku Milonde amaudziwa gule wawo, ndipo anayamba kuchoka awiriawiri, akabaza n'kuwatsatira.

Esinati ndinamupeza kumapeto kwa msika, beseni la zitumbuwa lili lodzaza. Sanandipatse moni. Ndinamufunsa za phulusa la kwa a Jailosi, ndipo anandiyang'ana ngati ndamufunsa ngati madzi ndi onyowa.

“Mudzi wonse unaona, amayi. Anakatuta pa uvuni wa njerwa, mawilibala atatu, kutatsala tsiku limodzi kuti inu mubwere. Tinkadabwa kuti munthu wa golosale phulusa alitani. Tinadziwa inu mutapita. Pano dzina lanu ndinu Anaphulusa.”

Timiyala tofiira tija tinali zidutswa za njerwa. Phulusa la udzu ndi lakuda, lopepuka, mphepo imaliulutsa, silingaunjikane mpaka m'mawondo. Ndinkadziwa zimenezi, ndinaziona kwa a Mukhala kangapo. Kenako ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa mu Julaye.

“Anamwalira ndani?”

“Achimwene anga, a Fulaye. Amene ankaimba ng'oma yaikulu. Munkawaona.” Ndinkawaonadi, mwamuna wamtali wosekerera akamaimba. “Pakhomo pathu woimba ng'oma akamwalira, ng'oma zimagonekedwa pansi n'kufunditsidwa nsalu mpaka tsiku la mowa wa chikumbutso. Palibe amazikhudza. Inu munabwera kutatsala masabata atatu.”

Safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula lonse, nditanyozanso bambo wofedwa mwana pakhonde pake. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinabwerera pa Boma osadya nkhomaliro ya akuluakulu ija.

Januwale wotsatira

Gawo lachiwiri la thandizo silikanatuluka popanda siginecha yanga yotsimikiza kuti gulu likugwira ntchito bwino. Fomuyo inakhala patebulo langa sabata yathunthu. A Likoswe anabwera okha kudzaifunsa, akumwetulira monga mwa nthawi zonse.

“Mayi, kapepala kaja.”

“Sindisaina, bwana. Gulu lija ndi labodza. Phulusa anakatuta pa uvuni.”

“Aa, zoona? Anthu ndi ochenjera bwanji.” Anakoka mpando n'kukhala. “Koma lipoti loti gululo ndi lenileni analemba ndani? Ine ndinangovomereza zimene katswiri wathu anapeza.”

“Za phulusa ndinauza munthu mmodzi yekha.”

“Makoma a ofesi ino ndi a mapulanga, mayi, mawu amadutsa.” Kenako anatsitsa mawu ngati mlongo wondifunira zabwino. “Tamverani. Mukalemba kulikulu, sadzati tiyeni tipatse mdala uja. Adzati ku Milonde kuli chinyengo, n'kuchotsa thandizo dera lonse. Ndiye mwathandiza ndani? Pano bola kandalamako kakuzungulira pa Milonde pomwepo. Inuyo mwatsala ndi chaka chimodzi. Mukufuna kutuluka ndi fayilo yodetsedwa?”

Chimene chinandipweteka n'chakuti ankanena zoona. Ndinaganiza za penshoni, ndinaganiza za fizi ya iwe Madalitso amene unali usanamalize. Ndinaganizanso kuti ndikasaina, gulu la a Jailosi likhala pamalopo zaka zitatu, ndipo ovina a a Mukhala sangadikire zaka zitatu. Ndikalemba, panali kamwayi kakang'ono koti alikulu amve n'kukonza. Ndinalemba masamba anayi. Ndinayamba ndi kulakwa kwanga, ndinafotokoza za uvuni, za ng'oma zogona, ndi kupempha kuti thandizo lipite kwa a Mukhala. Dzina la a Likoswe sindinalitchule poti ndinalibe umboni. Mpaka lero sindidziwa ngati ndi iwo anauza a Jailosi, kapena ngati anadyapo kanthu. Ndimakayikira, koma ndinaphunzira mtengo wa kukayikira kwanga.

Yankho linabwera patatha miyezi itatu, mizere isanu. Thandizo la dera la Milonde linaimitsidwa chifukwa cha zolakwika pakasankhidwe, ndipo linapita kudera lina. Za a Mukhala sanatchulepo. Ine anandichotsa patebulo la zaluso n'kundiika kosunga mafayilo, kumene ndinamalizira ntchito yanga ndikupukuta fumbi. Penshoni sanaikhudze. A Likoswe anabwera kuphwando londitsanzika, ndipo anayankhula bwino kwambiri za kukhulupirika kwanga.

Mwezi woyamba nditapuma

Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, kupita ku Milonde. Linali tsiku la msika koma pofika masana anthu anali atabalalika kale. Wakabaza anandiuza kuti masiku ano amangonyamula matumba a nandolo, za anthu obwera kudzaonera gule zinatha. Telala uja anasamukira ku Limbuli. Esinati anali atasiya zitumbuwa, akuthyola tiyi kuesiteti.

A Mukhala anandiyalira mphasa pamalo omwe aja. Ndinagwada, ine amene sindinagwadirepo bwana aliyense, n'kupepesa maliro a mwana wawo, mochedwa ndi zaka ziwiri. Ndinapepesanso mawu anga aja. Ndinawauza za kalata imene ndinalemba ndi yankho lake. Anamvetsera osandidula.

“Tinamva kuti munalemba,” anatero. “Munachita bwino. Kungoti mvula inagwa chimanga chitauma kale.”

“Ovina anu ali kuti?”

“Awiri ali kutsidya, atatu kuesiteti. Ena anangosiya. Anadikira ndithu, mpaka anamva kuti boma lati gulu lathu kulibe. Munthu ungamuuze chiyani, poti boma lanena?”

Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba, natuluka ndi ng'oma yaikulu, ya a Fulaye. Anazula udzu wouma padenga la khola, anauyatsa pambali pa bwalo, anayandikiza ng'oma, anaimenya pang'ono, anaiyandikizanso. Itafika pamene ankafuna, anaiimba. Inalira mpaka ndinaimva m'chifuwa. Amayi awiri amene ankapita kumjigo anaima n'kutula zidebe, koma palibe analowa m'bwalo. Anaimba mwina mphindi zitatu, yekha, n'kusiya.

Moto utazima anatenga pepala la shuga lopanda kanthu, anawolera phulusalo ndi manja, lakuda, lopepuka, lina likuuluka. Analimanga bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse, popanda chipongwe pankhope.

“Munkafuna phulusa, mayi,” anatero. “Nali. Mukawaonetse a ku ofesi.”

Ofesi ndinalibenso. Ndinabwera nalo kunyumba n'kulithira m'botolo, ndipo ndi lomwelo unafuna kutaya, Tiyamike. Ulisiye pomwepo.